Thirakitala Yotseka Msewu wa ku Ardmoil

Lamlungu lililonse mapemphero akatha, anthu akamamwa tiyi mu holo ya tchalitchi ku Govan, mumzinda wa Glasgow, pamakhala munthu mmodzi amene tiyi amamuzizirira m'manja. Ndi Mayi Matilda Zangaphee. Iwo akagwira mlendo samusiya: mwachokera kuti, munakwera chiyani, nanga bwanji munasankha Glasgow osati kwina? Amuna awo, a Charles, omwe ndi namwino pachipatala chachikulu chapafupi pomwepo, amangoima pakhomo makiyi ali m'manja, kudikira kuti mafunso athe.

Khalidwe limeneli anabadwa nalo. Kwawo ndi ku Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje, kumene bambo awo ankanyamula zikwama za alendo okwera phiri. Ali mtsikana ankadabwa kuona munthu wochokera kutsidya kwa nyanja akulolera kutupa mapazi masiku atatu kuti akangoima pamwamba pa thanthwe, n'kutsikanso wopanda ngakhale mtolo wa nkhuni. Atafunsa, bambo awo anangoti, "Iwe, za alendo zisiye. Bola azibwera."

Ku Glasgow anafika mu 2009, kutsatira amuna awo, ndipo anayamba ntchito yosamalira okalamba panyumba ina ku Pollokshields. Mmodzi mwa okalambawo anali a Norman, amene anatha zaka makumi atatu akuyendetsa mabasi a alendo odzaona malo. Miyendo yawo inali italeka kugwira ntchito, koma misewu yonse ya kumapiri a kumpoto inali idakali m'mutu. Powameta ndevu, Mayi Zangaphee ankawapanikiza ndi mafunso, mpaka tsiku lina mkuluyo anatopa nawo.

"Matilda, mwandifunsa zokwana. Katengeni laisensi mukadzionere nokha."

Iwo anaseka, koma mawuwo anawalowa. Mayeso oyamba analephera chifukwa chokwera pamwala wa m'mbali mwa msewu pokhota. Achiwiri anakhoza. Kenaka anapeza ntchito kwa a Leonard, mwini kampani yaing'ono ya maminibasi anayi, amene ankanyamula alendo m'mawa pakati pa mzinda, kuwazungulitsa kumapiri, n'kuwabweza dzuwa likamalowa.

Apa ndiye fisi anamuika kukhola la mbuzi. Tsiku ndi tsiku anali ndi alendo khumi ndi asanu ndi mmodzi oti n'kuwafunsa, ndipo palibe akanathawa. Mayi wina wa ku Dubai anati wabwera kudzaona mvula, ndipo itayamba kuwaza anatsika n'kuima panja manja ali m'mwamba. Mkulu wa ku Canada ankafuna manda a agogo ake. Atsikana awiri a ku Korea ankangofuna chithunzi ndi ng'ombe zaubweya wautali wophimba maso za kumapiriko. Chimene chinawazizwitsa Mayi Zangaphee n'chakuti dziko lino linatha kugulitsa nkhungu, mphepo ndi mapiri opanda mitengo, anthu n'kumalimbirana malo m'ndege kuti adzazione. Ankadzifunsa kuti, amene anakonza zimenezi ndani, ndipo anayamba bwanji?

Yankho lake analipeza pamalo amene sankayembekezera.

Pa ulendo wawo panali kamudzi kotchedwa Ardmoil, ka nyumba zosakwana makumi atatu, kamene kali ndi mathithi kuseri kwa phiri. Kale ankakadziwa ndi abusa a nkhosa okha. Wina atajambula mathithiwo n'kuwaika pa intaneti, kamsewu kokwana galimoto imodzi kanayamba kulandira mabasi makumi awiri patsiku.

Lachinayi lina mwezi wa Julaye, cha m'ma leveni koloko, Mayi Zangaphee anapeza thirakitala yofiira itaima chopingasa pamlatho wolowera m'mudzimo. Pamwamba pake panakhala mayi wachikulire wovala jombo, manja atapinda. Madalaivala a mabasi a patsogolo anali ataliza mahutala mpaka kutopa, ndipo ena anali atayamba kubwerera chafutambuyo. Mayi Zangaphee anazimitsa injini, anauza alendo awo kuti ajambule nkhosa kaye, n'kutsika.

"Mwaswera bwanji, mayi? Thirakitala yafa?"

"Siinafe."

"Ndiye mwaiimika dala. Chifukwa chiyani?"

Mayiyo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Chiimikireni m'mawa, ndinu woyamba kundifunsa. Enawo akungotukwana. Dzina langa ndine Emma. Bwerani muone."

Anawatengera kuseri kwa khoma la miyala la busa lawo. Fungo lokha linanena zonse, pakuti m'mudzimo munalibe chimbudzi cha alendo. Anawaonetsa njira ya ku mathithi, imene kale inali ya phazi limodzi, tsopano itasanduka dambo lamatope lotambalala ngati bwalo la mpira. Pomaliza analoza nyumba yoyera yakumtunda.

"Mmenemo mumakhala mchimwene wanga. Sabata yatha anagwa ndi matenda a mtima. Ambulansi inatha mphindi makumi anayi itatsekeredwa kumbuyo kwa mabasi anuwa. Wapulumuka, koma sindidikira kuti zichitikenso."

Mayi Zangaphee anayang'ana nyumba yoyerayo. Kenaka anafunsa, "Nanga amene amalamula kuti kuno kuzibwera mabasi angati ndani?"

Mayi Emma anaseka chowawa. "Mukamupeza mundiuze."

Tsiku limenelo alendo sanaone mathithi, ndipo a Leonard anakwiya kwambiri. Koma funso lija silinawachoke Mayi Zangaphee. Masiku awo opuma anayamba kuimba mafoni ndi kulemba makalata. Ofesi yokopa alendo inati ntchito yake ndi kuitana anthu kuti abwere m'dziko, za misewu si zake. A khonsolo anati msewu ndi wawo, koma sangaletse galimoto kuyenda pamsewu wa aliyense. Phiri ndi mathithi zinali za mwinimalo wina wokhala kunja, amene ankayankha kudzera mwa loya. Aliyense anagwira mwendo wake wa ng'ombe, koma ng'ombeyo inalibe mbusa.

"Amayi, mwasanduka wapolisi wofufuza milandu?" anafunsa mwana wawo wamkazi, Atupele, amene amamva Chichewa bwinobwino koma amayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow.

"Ndikungofuna kudziwa," iwo anatero.

Mwezi wa Seputembala, Mayi Emma anawaimbira foni kuwaitanira ku msonkhano wa mudzi, Loweruka masana. A Leonard anakana kupita, akuti akagendwa. Mayi Zangaphee anapita okha, ndipo mu holo monsemo dalaivala anali iwo basi. Anthu anakangana kwa ola lathunthu. Alimi ankafuna msewu utsekedwe. Mwini kanyumba kogulitsira tiyi ndi masikono anati akautseka iye asamuka, ndipo ana ake awiri akachoka, sukulu ya m'mudzimo itsala ndi ana asanu. Wapampando atatopa anati, "Timve kwa a mabasi."

Mayi Zangaphee anaimirira.

"Ine si wa kuno, mwaona kale," anayamba motero, anthu n'kuseka. "Kwathu kuli phiri lalikulu kuposa lanuli. Bambo anga ankanyamula katundu wa alendo. Onyamula katunduwo anali ndi mndandanda wawo: lero apita uje, mawa uje, kuti pasakhale kulimbirana. Umenewo anaupanga okha ndipo unkayenda. Koma mitengo ya mkungudza ya m'phirimo, imene alendo ankabwera kudzaiona, inali m'manja mwa anthu a kutali. Ife apafupi tinalibe mawu, ndiye tinkangoonerera ikutsika pamitu ya anthu. Nditapita komaliza ndinapeza zitsa. Ndafufuza miyezi iwiri kuti wolamula kuno ndani, sindinamupeze. Ndiye ndikufunseni: chikukuletsani n'chiyani kupanga mndandanda wanu?"

Wina kumbuyo anakuwa kuti mabasi sangamvere pepala la anthu a kumudzi.

"Eni makampaniwo mwina ayi," anayankha. "Koma ife madalaivala timadana ndi kubwerera chafutambuyo pamlatho uja kuposa mmene inu mumadanira nafe. Tipatseni nthawi yofikira ndi poimika, muone."

Sizinatheke tsiku limodzi. Zinatenga nyengo yonse yozizira, misonkhano inayi, ndi mkangano umodzi umene unatsala pang'ono kuthetsa zonse. Pomaliza anagwirizana kuti mabasi aziima pabwalo la holo, kunja kwa mlatho, asapitirire atatu nthawi imodzi, ndipo alendo aziyenda wapansi. Zimbudzi za mu holo anazitsekulira alendo. A khonsolo, ataona kuti anthu ayamba okha, anabwera kudzaika zikwangwani ndi kuthira miyala panjira ya ku mathithi. A Leonard anavomera monyinyirika, koma atamva alendo akuyamikira kuyenda pakati pa nkhosa popanda utsi wa mabasi, anayamba kuuza anzawo kuti nzeruyo inachokera ku kampani yawo. Makampani awiri aakulu amalowabe mpaka pamlatho nthawi imene afuna, ndipo nkhani yawo idakali pa tebulo la khonsolo.

Chaka chatha mchimwene wa Mayi Emma anatumizidwa ku chipatala cha ku Glasgow kukachitidwa opaleshoni, ndipo Mayi Emma anagona kwa a Zangaphee masiku asanu. Zinadziwika kuti pa zaka zawo makumi asanu ndi limodzi, anali asanakwerepo sitima yapansi panthaka. Wodwala atayamba kupeza bwino, Mayi Zangaphee anatengera Mayi Emma ku siteshoni ya Govan. Njanji yake ndi yozungulira, imadutsa pansi pa mtsinje wa mumzindamo n'kubwerera pomwe yayambira. Mayi Emma anakhala pampando chikwama atachikumbatira, mutu atauweramitsa poopa denga, akuwerenga dzina la siteshoni iliyonse mokweza.

Sitima itafikanso pa Govan, Mayi Zangaphee anaimirira.

"Tafika, tiyeni."

"Pansi pa mtsinje tadutsa kale?"

"Kawiri konse."

"Osandiuza bwanji? Sindinamve kanthu ine. Khalani pansi, tizungulirenso."

Zitseko zinatsekeka, ndipo anazunguliranso.