Chala cha Mayi Anga pa Pepala la Jenkins

Anzanga, Jenkins ndinakumana naye pakhonde la ofesi ya maloya ku Mangochi boma, patangotha milungu itatu chimwalirireni bambo anga.

Nyumba yathu ya ku Nkopola ili m'dzina la mayi, koma abale a malemu ochokera ku Namwera anali atayamba kuyeza zipinda ndi maso. Ndinkafuna pepala lowatseka pakamwa, basi. Mtsikana wolandira alendo anandiyang'ana kuyambira mpango mpaka masilipasi, n'kundiuza kuti abwana ali ku khoti.

Ndikutuluka, mnyamata wa tayi yofiira anandithamangira, mafayilo ali kukhwapa.

"Sister, musavutike. Za conveyancing ndimagwira ndine pano."

"Za chiyani?"

"Zogula ndi kugulitsa nyumba. Ndine loya."

"Ndiye muziyankhula Chichewa, achimwene. Chizungu chanucho sindidya."

Anaseka... ine chitsiru ndinasekanso.

Mundidziwe bwino. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Kusoka ndinadziphunzitsa ndekha, Chizungu ndinatolera pa foni, ndipo munthu akandiputa sindidikira mawa. Koma kamnyamata ka ku Blantyre kameneka kanandifewetsa ngati papaya.

Masana aliwonse ankabwera pamene ndimasokera, atanyamula chipisi. Ndinamupindira mathalauza onse ulere. Anaphunzira kupereka salamu, ngakhale ankapotoza mpaka amayi ogulitsa usipa kugwa ndi phwete.

"Safia wanga, ukakwatiwa ndi loya palibe adzakuponde chala. Ngakhale kuswali kumzikiti ndiphunzira."

Tsiku lina anati akufuna kukaona mayi. Ndinamuuza kuti sizingatheke, ali pa edda. Kwathu mkazi akaferedwa mwamuna amakhala pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, osayendayenda, osacheza ndi amuna achilendo.

"Eeh, zachikale zimenezo," anatero, maso ali pa foni.

Sanamve. Ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti sanamve.

Mwezi wa Marichi anapempha title deed, kalata ya umwini wa nyumba, kuti akaipange fotokope. Kenako anabwera ndi tsamba limodzi ndi kabokosi ka inki.

"Amayi angodinda chala apa. Tikaika chiletso ku Lands, ku ofesi ya za malo, munthu aliyense asadzagulitse nyumbayo."

"Masamba enawo ali kuti?"

"Akutayipa asekilitale. Babe... sundikhulupirira?"

Anzanga, ndinapita nalo. Mayi salemba. Ndinawagwira chala ndi dzanja langali, n'kuchiviika mu inki, n'kuchikanikiza papepala. Sanafunse kanthu.

Mu Juni kunatulukira galimoto, amuna atatu ndi tepi yoyezera. Wina anayamba kupaka penti yofiira pamtengo wathu wa mango.

"Iwe! Mtengo wa abambo ako umenewo?"

Bambo wina wa kapusi anandionetsa mapepala modekha. Akuti anagula, akufuna kumanga loji. Sale agreement, pangano logulitsa nyumba yathu, masamba asanu. Lomaliza ndinalizindikira ngakhale kakona kamene ndinapinda ndekha. Chala cha mayi chili pomwepo. Pansi pake chidindo cha loya, chonena kuti mayi anafika mu ofesi mwake n'kudinda iye akuona, pa 14 Marichi.

Koma anjomba, Che Bakali, mlongo wawo wa mayi, anandiuza ndiwerengenso tsikulo mokweza. Anawerenga miyezi pa zala, kuyambira Januwale pamene tinaika maliro.

"Mawa tilawire ku boma," anatero.

Loya weniweniyo, mwini chidindo chija, tinamupeza mu ofesi yomwe ija. Chimunthu cha suti, mpando wozungulira, mabuku khoma lonse amene ndikukayika ngati anawatsegulapo.

"Madam, mayi anu anabwera okha pano. It's all in order."

"Anavala chiyani?"

"Pepani?"

"Mwati munawaona. Ndi aatali kapena aafupi? Oyera kapena akuda? Yankhani, si inu ophunzira?"

Anayamba kusanthula mafayilo ngati yankho lagweramo.

Anjomba sanakweze mawu. "Bwana, mlongo wanga pa 14 Marichi anali pa edda. Sanadutse pachipata mpaka kumapeto kwa Meyi. A shehe akudziwa, amayi amene ankamutungira madzi akudziwa, mudzi wonse ukudziwa. Tiuzeni tsiku la ku khoti, tibwera pa lole."

Loya uja thukuta, anzanga! Mu ofesi yozizira ngati filiji! Kunapezeka kuti bamboyu amangomenya chidindo pa mulu uliwonse umene waikidwa patebulo, osaona nkhope ya munthu. Zaka zonse za ku yunivesite, ntchito yake n'kukhala yofanana ndi ya mwana wosewera ndi chidindo cha mbatata.

"Itanani mesenjala uja!" anakuwa.

Mesenjala. Loya wanga wa tayi yofiira anali wonyamula mafayilo ndi kugula mandasi a tiyi wa abwana.

Analowa, n'kundiona, milomo gwa.

"Babe, ndimafuna tipeze poyambira banja lathu..."

"Banja lake liti? Mayi anga akagone pansi pa mlatho kuti iwe ugule sofa? Vula thalauzalo, ndinapinda ndine!"

Anjomba anachita kundigwira mkono, chifukwa sitepula ya abwana inali kale m'manja mwanga.

Loyayo analemba yekha kalata yothetsa malondawo tsiku lomwelo, kuopa kulandidwa laisensi. Title deed anatibwezera. Za iye, wogula uja ndi mesenjala wake, akathane okha. Sizindikhudza.

Nyumba ilipo. Penti ija ndinaipala ndi mpeni.

Koma nditawafotokozera mayi zonse, ndikumutukwana Jenkins ndi mtundu wake, iwo anangoyang'ana chala chawo.

"Mnyamatayo ine sindimudziwa, mwanangu. Sindinamuonepo. Chalachi ndinapatsa iwe."

Ine wa pakamwa ngati lumo ndinangowagwira chala chija, chomwe ndinachiviika ndekha mu inki.

Ndiye anzanga, wina akakubweretserani tsamba lomaliza lokha, ngakhale akutchulani babe, muuzeni akatenge anzake anayiwo.