Alendo Osadya Mlamba

Ndikukumbukira Lachisanu lina m'nyengo ya manachesi, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamene ndinaona amayi anga akuchita chinthu chimene mpaka lero ndikachiganizira ndimangogwira pakamwa. Tinkakhala kuseri kwa Neno boma, kumene msewu umathera n'kuyamba tinjira tokwera m'mapiri. Pabwalo la nyumba yathu panali mitengo ya manachesi ndi umodzi wa mandimu, ndipo abambo ankaisamala mitengoyo kuposa mbuzi zawo.

Chaka chimenecho achemwali anga, a Esnati, anali atapeza mwamuna. Dzina lake anali Madalitso, mnyamata wa ku Ligowe amene ankakonza njinga pamsika. Makolo anga ankamukonda, koma mawu a mnyamata yekha samanga banja. Mwini nkhani anali amalume ake, a Mbewe, munthu amene tonse tinali tisanamuonepo. Tinkangomva kuti saseka wamba, ndiponso kuti mumtima mwawo anali atamusankhira kale mphwawoyo mtsikana wina wa kwawo komweko. Uthenga unabwera wakuti adzafika Lamulungu kudzaona khomo lathu. Akakhutira, ankhoswe ayamba kuyenda. Akapanda kukhutira, nkhani ithera pomwepo.

Amayi anakonzekera Lamulungulo. Nkhuku zathu zinali zitatha ndi chitopa, choncho anagwirizana ndi abambo kuti tambala ndi mpunga akagula Loweruka kumsika. Koma Lachisanu, dzuwa litapendeka, tinamva belu la njinga pabwalo. Anali a Mbewe, wamtali, wa jekete lakuda, atakweza akazi awo kumbuyo. Anati Lamulungu akufunika ku Blantyre kukaona wodwala, ndiye aona kuti angobwereratu. Mafoni nthawi imeneyo anali a anthu owerengeka, panalibe wotichenjeza.

Abambo anawayalira mphasa pakhonde, nkhope ili gwa. Koma amayi atalowa kukhitchini anamwetulira.

"Mulungu amadziwa zake," anatero. "Ndiwo zilipo kale pamoto."

Zinalipodi. Dzulo lake mnzawo wa abambo wa ku Midzemba anali atatibweretsera mlamba wowamba wa mu Shire, wautali ngati mkono wanga, wonona mpaka mafuta kuchita kudontha papepala. Amayi anali atauika pamoto ndi tomato wambiri, ndipo fungo lake linali litadzaza bwalo lonse. Kwa ife panalibe ndiwo ina yoposa imeneyo.

Amayi anandituma kukapereka madzi akumwa. Nditagwada, mayi Mbewe analandira kapu, n'kununkhiza mpweya pang'ono.

"Mwanawe, chikununkhiracho ndi mlamba eti?"

"Eya, amayi," ndinayankha monyadira. "Wa mu Shire, waukulu zedi. Ndi wanu umenewo."

Mayiwo anayang'ana amuna awo, kenako anayang'ana pansi. A Mbewe anakonza kukhosi.

"Musavutike ndi chakudya," anauza abambo. "Ife timasunga Sabata, nsomba yopanda mamba sitidya. Tingokamba zimene tabwerera, tizipita dzuwa lisanatilowere panjira."

Madalitso ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi ife, ndipo zoti amalume ake amapemphera Loweruka anaiwala kutiuza. Ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa tanthauzo la mlendo wodzaona mbeta amene wachoka pakhomo osasamba m'manja. Ndinathamangira kukhitchini. Achemwali atamva, anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulira chamumtima, chitenje chili kukamwa.

Amayi anaima kuyang'ana mlamba uja ukubwata, kenako anayang'ana pa thandala pomwe tinkaika zakudya. Panali kambale kamodzi ka usipa wouma, tomato pang'ono, anyezi, nsinjiro za m'botolo, ndi dengu la kachewere, uja ena amati mbatatesi, amene tinakumba sabata imeneyo. Basi.

Anaphula mlamba, n'kukauika kunja kuseri kwa khitchini atauvindikira. Anasamba m'manja ndi sopo, anamanganso chitenje, n'kupita pakhonde. Ine ndinawatsatira mpaka pakona ya nyumba. Anagwada kutali pang'ono ndi mphasa, manja ali pamodzi.

"Bambo, mlamba mwaumvawo ndaphika ndine. Sindinadziwe. Kwathu kuno ndiyo ndiwo yaulemu, koma sufika pamaso panu. Ndikupempha mundilole ndikuphikireni china. Khomo lino munthu sachoka ndi njala."

A Mbewe anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira ku mtengo wa mandimu, umene mthunzi wake unali utagona pabwalo kulunjika kukhonde.

"Mthunzi uwo ukakhudza khonde lino, ife tikwera njinga," anatero. "Si mwano, mayi. Sabata silidikira munthu."

Mthunziwo unali utatsala mikono yochepa chabe. Amayi anawomba m'manja mwaulemu, anakhalabe chogwada kanthawi, kenako anadzuka. Podutsa pafupi ndi abambo anawanong'oneza, ine ndikumva: "Bambo a Esnati, athyolereni manachesi. Musankhe aja okakamira makoko, ovuta kusenda."

Zimene zinachitika kukhitchini kuja ndimazikumbukira ngati mmene munthu amakumbukirira mvula yamkuntho: zonse zinkachitika nthawi imodzi, koma chilichonse chinali ndi malo ake. Amayi sanathamange. Mawu awo sanakwere. Anayamba ndi kulowa kuchipinda kwawo, n'kutuluka atanyamula katoni imene ine ndinali ndisanaionepo. Ataitsegula, munali mapoto atatu atsopano, onyezimira, mapepala a kusitolo adakali omata m'mbali.

Achemwali anasiya kulira. "Amayi, si mapoto a ukwati wanga amenewo?"

"Ukwati wake ndi umenewo wakhala pakhondewo. Dzuka, senda kachewere. Umudule timagawo ting'onoting'ono, apse msanga."

Ine sindinamvetse. Mapoto athu akale anali pomwepo. Ndinati, "Amayi, bwanji tingotsuka poto wathu uja? Adziwa bwanji kuti munaphikidwapo mlamba?"

"Iwo sadziwa," anatero amayi, akusolola zikuni pamoto. "Ndidziwa ndine."

Moto umodzi uja anaugawa patatu: zikuni zina anasiya pamafuwa, makala ena anakokera pambaula, ena anaika pakati pa njerwa pakhomo la khitchini. Mthiko ndi chipande, zimene zinali zitalowa mu mlamba, anaziponya m'beseni. Anasolola nsungwi youma padenga la khola, anaing'amba ndi mpeni, anaipala msangamsanga, ndipo timitengo tiwiri toyera tinasanduka zotakasira. Kachewere analowa pamoto woyamba, chifukwa ndiye anali wochedwa kupsa kuposa zonse.

Kenako anakhuthulira usipa uja m'lichero. Unali wochepa moti ndinachita manyazi m'malo mwawo. Tsiku wamba ukanangokwanira ife ana. Zala zawo zinayenda mu usipamo ngati nkhuku ikutola mapira, ndipo posakhalitsa panali timilu titatu: wautali wosathyoka, wapakatikati, ndi zonyenyeka zonse zapansi.

"Felesiya," anandiitana, "wautaliwu uchotse mitu, uuviike m'madzi otentha. Usauiwalemo. Ukangofewa msana, uvuule."

Ndikuchita zimenezo, iwo anali atatuluka kale n'kubwerera ndi mpiru wanthete wa kudimba la kuseri ndi mandimu awiri. Mpiruwo anaudula ali chiimire, osayang'ana n'komwe mpeni, maso ali pa moto. Anauponya mu poto wachiwiri ndi madzi ochepa kwambiri, pamwamba pake usipa wapakatikati, tomato mmodzi, kenako nsinjiro. Sanatakase. Anavindikira n'kunena kuti nsinjiro zikatakasidwa msanga zimagwira pansi.

Mu poto wachitatu anathira timafuta totsala m'botolo mpaka dontho lomaliza. Anyezi atayamba kufiira, anaika usipa wanga uja mmodzimmodzi, mougoneka, osati moukhuthula. Unalira m'mafutamo, n'kusanduka wagolide. Anathira tomato, mchere, ndipo atatsala pang'ono kuphula anafinyira ndimu. Fungo limene linakwera pamenepo linathamangitsa fungo la mlamba pabwalo lonse. Linali lowawasa pang'ono, lakuthwa, lodzutsa malovu pansi pa lilime.

Ndinasuzumira panja. Mthunzi unali utayandikira moti mwana akanadumpha kuchokera pamenepo n'kugwera pakhonde. Abambo, amene mwachibadwa sanali olankhula, anali kufotokozera a Mbewe mmene amalumikizira nthambi ya nachesi pa tsinde la ndimu, thukuta lili pamphumi. Alendo anali kulimbana ndi makoko.

"Amayi, mthunzi wafika!"

"Sunafike. Ukanafika ukanamva belu. Tenga kamtondo."

Zonyenyeka zija, zimene ine ndinkayesa za mphaka, anazikazinga pa phale lokazingira mtedza mpaka zinauma kuti gwa. Anazikhuthulira m'kamtondo pamodzi ndi mchere, tsabola mmodzi wouma ndi kakhungu ka ndimu kopala. Ndinasinja ndi mphamvu zanga zonse. Unatuluka ufa wofiirira, wonunkhira moti ndinayetsemula. Amayi anatsanula madzi a kachewere, anamubwezera pamoto pang'ono kuti aume, anamugwedeza mu poto mpaka m'mbali mwake munachita ufa, kenako anawaza zosinja zanga zija pamwamba.

Pamene tinkatuluka ndi mbale, pakati pa mthunzi ndi khonde panali potalika ngati chikhatho. Ndinawathirira alendo madzi osamba m'manja, ndipo a Mbewe anatambasula manja awo pabeseni. Kenako anavundukula mbale. Kambale kamodzi ka usipa kaja kanali katasanduka ndiwo ziwiri ndi chokometsera kachewere: wokazinga wonyezimira mu msuzi wofiira, wotendera wobisala mu mpiru wobiriwira, ndi kachewere wa madontho ofiirira ngati dzira la nkhwali. Ine amene ndinaona zonse ndi maso anga, ndinkayang'anabe ngati zatsika kumwamba.

A Mbewe anapemphera, pemphero lalitali ndithu. Kenako anadya. Anayamba ndi kachewere, anatafuna pang'onopang'ono, anatenganso. Mthunzi unakwera pakhonde, unafika pamphasa, unakhudza nsapato zawo zimene anavula pambali. Iwo anauona, anayang'ana dzuwa, n'kutapanso mpiru.

Atatha kudya, mayi Mbewe anapempha kuti akathokoze kukhitchini. Kumeneko anaima pakhomo. Anaona mapoto atatu atada ndi utsi kwa nthawi yoyamba, mapepala a kusitolo atapsa m'mbali, katoni ili pambali, ndi timitengo tansungwi tija. Anatola kamodzi, anakatembenuza m'manja. Anabwerera pakhonde n'kunong'oneza amuna awo mawu angapo.

A Mbewe anavala nsapato, anaimirira, n'kupempha kuti amayi abwere.

"Mayi, ine ndayenda m'makomo ambiri," anatero. "Kwina amavuula nsomba n'kundipatsa msuzi wake, poganiza kuti mphuno yanga inakalamba. Ndimangothokoza n'kunyamuka. Lero ndinabwera ndi mawu ena m'thumba, sindikubisirani. Ndibwerera nawo." Anatembenukira kwa abambo. "Ankhoswe athu afika ndikangobwerako ku Blantyre. Ndipo mapoto ajawo atsukidwe bwino. Ali ndi mwini wake."

Anakwera njinga mothamanga ngati mnyamata, akazi awo atagwira jekete kumbuyo, ndipo tinamva belu likulira kutsetsereka mpaka kumtsinje.

Titabwerera kukhitchini tinapeza amayi atakhala pansi, atatsamira khoma, miyendo atatambasula. Achemwali anawapatsa madzi, koma kapu inkagwedezeka m'manja mwawo mpaka madzi kutayikira pachitenje. Manja omwe aja, amene anapala nsungwi ndi kudula mpiru osayang'ana, tsopano ankalephera kufikitsa kapu pakamwa.

"Kodi mumaopa, amayi?" ndinafunsa.

Anaseka, misozi ili m'maso. "Ukuganiza kuti ndinachedweranji kudzuka pamene ndinagwada paja? Miyendo inali itakana."

Madzulo amenewo tinadya mlamba wathu, utazizira, ndipo abambo anadya mutu wonse okha. Achemwali anatsuka mapoto awo ndi mchenga mpaka mdima unawalanda.

Lero ndili ndi khomo langa ku Blantyre, ndipo alendo osayembekezeka sasowa. Zakudya zitatu zija ndimaziphika, anzanga amazitama, ena amabwera kudzaphunzira. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti chimene ndinaona tsiku lija chinali changu cha manja, ndipo ndinkayesetsa kuti anga afanane ndi a amayi. Ndazindikira mochedwa kuti changucho chinayambira kwina. Ine ndikanakhala iwo, theka la mthunzi uja ndikanalithera kufunafuna njira yobisira mlamba, kukonza bodza loti ndinene, ndi kuopa kuti ligwidwa. Iwo anakanena zoona pakhonde, n'kubwerera kukhitchini opanda chowalemera, ndipo nthawi yonse yotsalayo inapita pamoto. Mantha anali nawo ngati munthu wina aliyense, koma anawauza kuti adikire kaye, alendo adye.