Diresi la Mwanaisha

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi mlamu wanga, pakhonde la telala wina dzina lake a Jafali, pa Nkhotakota. Inali nthawi imene boma linalamula kuti diresi lizibisa mawondo, ndiye ntchito yomasula mipendero ndi kulumikiza nsalu inali mbwee. Ndinaphunzira kupalasa makina, kukulunga ulusi pa bobini, kulemba ndi choko, kusita ndi simbi ya makala. Koma luso langa lenileni linali losoka pong'ambika. Ndinkasolola ulusi kumpendero wa chovala chomwecho, n'kusoka ndi singano ya pamanja mpaka msoko osaoneka. Ndinkanyada nazo, ndisaname.

Tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wa ku Mwadzama atakulunga diresi la sukulu m'nyuzipepala. Linali long'ambika kuchokera pakolala mpaka m'chiuno, mabatani atatu kulibe.

"Ndi la mdzukulu wanga Mwanaisha, mwana wa mlongo wanga," anatero. "Musoke pasaoneke kanthu. Mawa kuli mlandu, ife sitifuna manyazi pamtundu."

Amuna amene ankasewera bawo pakhondepo nkhaniyo ankaidziwa kale. Mtsikanayo anamugwirira mwini ngalawa wina, munthu wodziwika, pamene ankachokera kusukulu. Mmodzi anaseka. "Mwamuna ndi tonde, azinunkha. Nanga iye amadutsiranji njira ya kumadimba yekha?"

Ndinayang'ana a Jafali. Iwo sanaimitse n'komwe makina. "Ife timasoka nsalu, achimwene. Milandu ili ndi eni ake."

Ndinasoka. Palibe anandikakamiza, ndipo ndinasoka bwino kuposa masiku onse. Mabatani ndinapeza ofanana ndendende.

Kubwalo diresi analitambasula pamaso pa anthu. Akuti mtsikanayo analozaloza pamene panang'ambika, akulira, koma oweruza sanaonepo kanthu. Anati ndi wabodza, anachita kufuna yekha. Sukulu anamuchotsa mimba itaoneka.

Patapita miyezi Mwanaisha anadutsa pakhondepo atasenza dengu la mpunga. Anaima, n'kufunsa mwaulemu, "Anasoka diresi langa ndi ndani?"

"Ndine," ndinayankha.

"Mumadziwa kusoka, bambo."

Anangotero n'kumapita. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero, kuposa akanati anditukwane.

Ndasoka zaka zambiri chichokereni pamenepo. Mwamuna akabwera ndi chovala cha mkazi chong'ambika, sindichikhudza. Ndimamuuza kuti mwiniwake abwere yekha, adzandiuze ndi pakamwa pake ngati akufuna chisokedwe.