Botolo la alamu anga a Longwe

Ayi, jakisoni sabaya. Ndiyankhe kangati funso limeneli? Lemba iwe mdzukulu wanga, owerenga nyuzipepala amve onse, poti ine cholembera sindinachigwirepo.

Mwana wanga Esinati ndi dokotala, inde, koma wa kafukufuku wa impso. Chiyambire matipate ali pa chinthu chimodzi: timakomo ting'onoting'ono ta mu impso, modutsa mchere ndi madzi, toti diso silingaone. Amafufuza chimene chimatsegula ndi kutseka timakomoto, komanso chifukwa chake mabanja ena amabadwa nato topindika. Amaweta mbewa zoyera. Zosadya, musandifunse.

Sabata yathayi anabwera kudzandiona kuno ku Chintheche. Asanapume n'komwe, atulukira alamu anga a Longwe, mng'ono wa malemu bambo ake, msodzi wa ku Bandawe. Mapazi otupa, nsapato zili m'manja. Apisa m'jekete, atulutsa botolo la mkodzo.

"Mwana wanga, suzumira umu undiuze mankhwala."

Esinati anagwada, n'kudina phazi lawo ndi chala. Dzenje linatsala pompo.

"Ada, mukumwa chiyani masiku ano?"

Akuti mapiritsi opha ululu a pagolosale, tsiku ndi tsiku asanakakoke ukonde wa chilimira, kuonjezera zitsamba za m'botolo za pamsika.

"Zonsezo lekani. Mawa mupite kuchipatala akakuyezeni magazi. Ndi maso okha ine sindingadziwe. Ndikangolota, ndikuphani."

Eee, moto! "Dokotala wanji wotumiza munthu kwa dokotala? Sukulu yonse ija inali ya mbewa basi?" Ananyamuka osatsazika, botolo n'kulisiya pakhonde panga.

Abale anga, tili ndi vuto. Timakonda munthu woyankha msanga. Uja wa chimkuzamawu pamsika, botolo limodzi lochiza msana, shuga ndi banja lomwe, timamuombera m'manja. Wonena kuti "dikirani tiyeze" timati ndi wonyada. Koma ife a kondowole tikudziwa: chinangwa chowawa ukachivuula m'madzi masiku asanakwane, banja lonse ligona mutu uli zweee. Nanga bwanji pa thupi lathu timafuna zovuula lero lomwe?

Esinati atabwerera kuntchito, ine ndinakulunga botolo lija m'chitenje, ulendo ku Bandawe.

"Alamu, katundu wanu uyu. Mukapanda kukwera nane minibasi, ndikamuika patebulo pamsonkhano wa amayi a mvano, ndinene mwini wake."

"Mlamu, ndinu mfiti."

"Yewu. Valani nsapato."

"Sizikulowa!"

"Ndiye mukuti simukudwala?"

Anakwera, njira yonse akuyang'ana pawindo ngati sitidziwana.

Kuchipatala dokotala amene tinamupeza anali mtsikana wa ku Mulanje, Chitonga chake chothyokathyoka. Atawerenga dzina m'buku, anafunsa ngati tili pachibale ndi Dokotala Longwe wa impso uja. Ine chifuwa panja: ndinabereka ndine! Akuti amene anamuphunzitsa za impso kukoleji anaphunzitsidwa ndi Esinati, ndipo zolemba zake anaziwerenga mpaka maso kufiira. Alamu anga n'kuyang'ana pansi.

Mwaona? Jakisoni sabaya, koma dzanja lobayalo analiongola ndani? Woluka ukonde salowa m'bwato, koma usipa mukudyawo mwaupeza bwanji?

Magazi anayeza. Impso zatopa koma sizinafe, ndipo magazi akuthamanga kwambiri. Anawapatsa mankhwala, n'kuwaletsa mapiritsi aja ndi mchere wowaza pamwamba. Anawauza kuti abwerenso Lachinayi likudzali, osaphonya, aone ngati impsozo zikudzuka.

Tsono dzulo ndamva kuti mapazi aphwa pang'ono, ndiye akuuza anzawo kudoko kuti achira, Lachinayi alowa panyanja. Kuphwa kwa phazi ndiko kuchira? Mesa mtsikana uja ananena kuti impso zimafa mwakachetechete, osabuula?

Alamu, ndikudziwa kuti ndemanga yangayi mumaiwerenga, ngakhale mumati ndi macheza a nkhalamba. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mkulu wanu ndinamuika ndi manja angawa, sindikufuna kuikanso inu. Lachinayi m'mawa mundipeza pamsewu, pamtengo wa mango paja. Mukapanda kubwera, ndikutsatirani kudoko, ndipo pakamwa panga mukupadziwa.

Wamaliza iwe? Usakonze kanthu, ngakhale za mkodzozo. Tumiza pompano, iwapeze Lachinayi lisanafike.