A Disolimodzi ndi Ngalande ya Pakalavati

Maso onse awiri anali nawo, abwinobwino, koma msewu wonse unkawatchula kuti a Disolimodzi. Dzinalo linadza ndi kamera. Akaikweza kumaso ankatsinzina kumanzere, ndipo anthu olawirira kuntchito ankawapeza chomwecho, atawerama pampanda wa eni ngati munthu wosuzumira nkhuku za mnzake.

Zaka makumi atatu ndi ziwiri anaperekera zakudya m'hotela. Kumeneko anaphunzira kukwezera tambula kuwindo kuti aone ngati chala cha munthu chadindapo, kutembenuza mbale yobenthuka kuti chilema chiyang'ane kwa iwo osati kwa mlendo, ndi kukhazika botolo la maluwa pomwe nsalu ya pathebulo yathimbirira. Atapuma pantchito magazi anayamba kuthamanga, adokotala n'kuwalamula kuti aziyenda m'mawa uliwonse. Mwana wawo wamkazi, podziwa kuti bambo ake sangayende chimanjamanja, anawatumizira kamera yaing'ono yakuda.

Choncho ankayenda, akujambula. M'miyezi yozizira ankajambula utsi wa mbaula utagona pamadenga, ndi mame atandanda pawaya woyanikira zovala. Mphepo ya fumbi ikayamba, masamba ouma ataunjikana pachitseko cha shopu yotseka. Dzuwa likafika poswa mtengo, maluwa a jakaranda ankayoyokera pamsewu, iwo n'kugwada. Mvula ikagwa, mapiko a ngumbi pakhonde.

Koma msewuwo unkawanyansa. Khoma la galaja linkanunkha mikodzo ya amuna akuluakulu, ena ovala mataye. Makhololo ankapezeka pomwe munthu afuna kuponda. Majumbo ankalendewera m'mitengo ngati mileme yakufa. N'chifukwa chake pambali pa kamera ankanyamula zinthu ziwiri: mpango wotsekera mphuno ndi ndodo ya msomali kunsonga. Asanajambule, ankayamba atokosa chinyalala chilichonse n'kuchikankhira kumbali. Chikakana kusuntha ankasuntha iwo, phazi limodzi kumanja, kaya kunjuta pang'ono, mpaka nyansiyo itatsala kunja kwa chithunzi. Woona zithunzi zawo akanalumbira kuti kumeneko kumakhala angelo.

Kumunsi kwa msewu, pomwe ngalande imalowa mu kalavati, panali nyumba ya mayi wamasiye wosokera pakhonde, amene onse ankangoti a Telala. Dzinja lapitalo kalavatiyo inatseka, madzi n'kulowa m'nyumba mwawo kufika m'mawondo. Nsalu za makasitomala zinavunda, makina anachita dzimbiri, ndipo khoma lakumbuyo linang'aluka mng'alu wolowa dzanja. Mmisiri anawauza mosabisa kuti madzi akalowanso, khomalo ligwa.

Tsiku lina lotentha, mango atangoyamba kupsa, a Telala anafika kwa a Disolimodzi tepi yoyezera ili m'khosi.

"Bambo, ku ofesi ya zaukhondo ndapitako kawiri," anatero atakhala pansi. "Kalaliki wa kumeneko akuti odandaula ndi ambiri, koma gulu lokumba ndi limodzi. Akuti ndibweretse zithunzi aone yekha, ndipo mndandanda wa ngalande zokumba atseka Lachisanu. Kamera muli nayo inu. Tsinzinani diso lanulo kamodzi, mundipulumutsire nyumba."

"Imeneyo ndi ntchito yochepa, mayi. Mundipatse masiku atatu."

"Atatu? Ngalande imodzi?"

"Kuwala sikufanana tsiku ndi tsiku."

Akazi awo a Disolimodzi anayankhira kukhitchini: "Musawafunse zambiri, aneba. Akufotokozerani mpaka mvula igwe."

M'mawa mwake a Disolimodzi anatsikira kukalavati. Malowo ankawalambalala nthawi zonse, ndipo atayandikira anakumbuka chifukwa chake. Madzi anali akuda, olimba ngati phula losungunuka. Matewera a ana anali atatupa pamwamba. Panali nthenga ndi matumbo a nkhuku, nsapato imodzi, botolo la mikodzo lotsekedwa bwinobwino, ndi mphaka wakufa mano ali pamtunda. Oyilo wa kugalaja ankatsika pang'onopang'ono kuchokera kumtunda. Anamanga mpango pamphuno.

Kenako manja anachita zomwe anazolowera. Ndodo inakankhira mphaka kuseri kwa simenti. Matewera anasunthidwa limodzilimodzi. Dzuwa litasuzumira pamadenga, oyilo uja anasanduka utawaleza. Kakowa woyera anatera m'mbali, mwendo umodzi m'mwamba. Pamatope panali patamera dzungu, duwa lake lachikasu litatseguka kumene, mame ali mkati. A Disolimodzi ananjuta, anapendeka, anatsinzina. Anabwerako masiku atatu, nthawi yomweyo, ndipo tsiku lachitatu anatsukitsa zithunzi zisanu n'kuziika mu envelopu yoyera. Anaimata, pakuti chinthu chopita kwa akuluakulu sichipita chapululu.

Lachinayi anapita ndi a Telala ku ofesi. Kalaliki anali mwamuna wonenepa, cholembera chili kukhutu. Anang'amba envelopu, anayala zithunzi pathebulo, n'kuziweramira.

"Madala, mwajambula nokha izi?"

"Ndekha."

"Eee! Muli ndi dzanja. Taonani mbalameyi! Kodi n'kuti kumeneku?"

"Ndi pakhomo panga," anatero a Telala akusendera kuti aone. Anali asanazione. Anatola chimodzi, anachitembenuza, anatola china.

"Mayi," anatero kalaliki, "dzulo kunabwera anthu ndi chithunzi cha chimbudzi chosefukira pakhomo pa sukulu. Ena, ngalande yomwe mbuzi inamira yonse. Nanga ine ndipite kwa abwana ndi maluwa? Andifunsa ngati ndikuwaitanira ku ukwati." Anasankha cha kakowa chija. "Ichi mundisiyire, ndipachike apa. Khomali ndi losasangalatsa."

Atatuluka, a Telala anadikira mpaka pamsewu.

"Bambo inu, ndinakulakwirani chiyani?"

"Mayi, ine ndimati..."

"Mphaka uja ali kuti? Sabata yonse akundinunkhira m'mbale, ndikudya nditatseka mphuno. Ali kuti m'zithunzi zanuzo?"

"Ndinamusuntha."

"Munamusuntha!" Anawomba m'manja kamodzi. "Ndinakutumani umboni, inu mwakonzera ngalande ukwati. Khoma likagwa mudzabwerenso, eti? Mudzadikire kuwala kwabwino, mundijambule nditaphwanyika, duwa lili kukhutu."

Anakwera minibasi okha, osacheuka.

Kunyumba akazi awo anamva nkhani yonse akusita malaya, osakweza mutu.

"Simukudabwa?" anafunsa a Disolimodzi.

"Ndidabwe chiyani? Chaka chija ndinadwala mwezi wathunthu, abale anu atabwera munanditsamiritsa pampando, n'kundiveka duku latsopano. Anabwerera akuti alamu ali bwino. Palibe anabwera kudzanditungira madzi." Anaimika simbi. "Inu chonyansa simuchotsa, abambo. Mumangochiuza kuti chiime kumbali."

A Disolimodzi anatuluka. Anakhala pakhonde mpaka madzulo. Kum'mawa mitambo inali itayamba kuunjikana, yoyera pamwamba, yakuda kunsi, ndipo nyerere zinkasamutsa mazira m'mbali mwa khoma.

Lachisanu sanalawirire. Anadikira dzuwa likwere, nthawi yomwe kuwala kulibe chifundo ndipo ntchentche zadzuka zonse. Ndodo anaisiya kuseri kwa chitseko. A Telala atawaona akubwera sanasiye kupalasa makina.

"Maluwa afota, bambo. Mwachedwa."

"Ndibwerekeni mtengo wa tsache, mayi. Muimike m'madzimo, aone kuya kwake."

A Telala anasiya makina n'kukatenga tsache. Mtengo unalowa wonse, kutsala pogwira pokha, ndipo potuluka unakoka chinsanza chodzaza mphutsi. Fungo linatumphuka ngati munthu wavundukula mphika wa sabata yatha. A Disolimodzi anagwada pamatope, buluku lawo losita likumira. Thupi linkafuna kusendera kumanja, komwe duwa la dzungu linali. Analikaniza. Anajambula mphaka, amene tsopano mimba inali itaphulika. Anajambula matewera, kukamwa kwa kalavati kotsekeka mpaka pamwamba, ndi mzere wakuda pakhoma la a Telala pomwe madzi anafika chaka chatha. Mng'alu uja anaujambula dzanja la a Telala lili mkati. Ntchentche inawatera pamlomo. Anamaliza, anaimirira, anayenda mapazi atatu n'kusanza m'mbali mwa msewu.

"Nazonso mujambule," anatero a Telala, koma anawabweretsera madzi m'kapu.

Nthawi yotsukitsa panalibe. Anathamangira ku ofesi ndi kamera yomweyo, matope akuuma m'mawondo. Anapeza kalaliki akudya pathebulo lake, kakowa uja ali pakhoma pamwamba pa mutu wake. A Disolimodzi anamuikira kamera pafupi ndi mbale n'kuyamba kudina, chithunzi chimodzichimodzi. Pachachitatu kalaliki anasiya kutafuna. Pachachisanu anakankha mbale.

"Basi, madala, basi! Mwandiphera chakudya. Ndi malo omwe aja?"

"Omwewo."

"Nanga dzulo munkabisiranji?" Anachotsa cholembera kukhutu n'kulemba pamzere womaliza wa pepala.

Patatha sabata ndi theka kunabwera amuna anayi ovala majombo. Anakumba kuyambira m'mawa mpaka masana, anatsegula kalavati, n'kuunjika zonse zomwe anavuula m'mphepete mwenimweni mwa ngalande, mulu wofika m'chiuno. Anati lole ibwera mawa kudzatenga. Mawa linadutsa, mkuja naye. Muluwo unauma pamwamba, mkati ukuwira. Agalu anaufukula. Wina anabwera n'kutayapo matewera atsopano, poti pamene pali mulu ndiye pa dzala.

Tsiku lachinayi kunacha kuli chinyezi, mphepo ikununkhira dothi lonyowa la kutali. Anamzeze ankauluka chapansipansi. A Disolimodzi anaima pamuluwo kamera ili pachifuwa, ndipo anaona zomwe mwana aliyense akanaona: mvula yoyamba ikokolola zonsezi kubwerera mu kalavati.

Anabwerera kunyumba, anaika kamera m'kabati, n'kukabwereka wilibala ndi fosholo kugalaja. Makaniko anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"A Disolimodzi ndi fosholo! Anthu inu, bweretsani kamera!"

"Oyilo wanu ndi amene ali m'menemo," anayankha. "Mukamaliza kuseka mubwere."

Makaniko sanabwere. Anabwera ndi akazi awo a Disolimodzi, atavala majumbo m'manja, ndi a Telala ndi khasu. Dzala lenileni linali kuseri kwa msika, mtunda woti wilibala yodzaza imakuthyola msana. Anapita maulendo khumi ndi anayi. Fosholo ikalowa, muluwo unkatulutsa nthunzi. Anthu odutsa ankatseka mphuno n'kunena kuti mukuchita bwino, ena n'kuponya chikonyo cha chimanga mu wilibala momwemo. Ulendo wachisanu ndi chinayi, madzi akuda anadontha kulowa mu nsapato ya a Disolimodzi, n'kuyenda pakati pa zala. Anangolavula n'kukankha.

Madontho oyamba anawapeza akubwerera ndi wilibala yopanda kanthu. Anathawira pakhonde pa a Telala, atatu onse, akununkha mofanana. Mvula inabwera ndi mkokomo, ya matalala pang'ono, ndipo posakhalitsa ngalande inadzaza kuchokera kumtunda, madzi ofiira atasenza majumbo ndi mabotolo a msewu wonse. Anafika pakalavati, anazungulira, anakwera. A Telala anagwira chitseko. Madzi anafika pa sitepe yoyamba, ananyambita yachiwiri, n'kuima pamenepo. Kenako kalavati inameza ndi phokoso ngati la ng'ombe yakumwa, ndipo madzi anayamba kutsika.

A Telala analowa m'nyumba, anakagwira khoma lakumbuyo, anabwerako.

"Louma," anatero.

A Disolimodzi anavula nsapato, anaziyang'ana, n'kuzigwira ndi zala ziwiri kutali ndi thupi.

"Izi sindivalanso."

"Musaziponye m'ngalande," anatero akazi awo. "Ndipo m'nyumba mwanga simulowa musanasambe kawiri. Aneba, muli ndi sopo wochapira? Wosambira sangathe."