Themomita ya a Matope

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mu Sitandade 5, pa sukulu ina kuseri kwa Milepa, sukulu yaulere itangoyamba kumene. Tinalipo ambiri moti madesiki sankakwanira. Aphunzitsi athu, a Matope, ankatikhazika potengera mayeso: okhoza pa desiki kutsogolo, ife otsalira pa simenti kumbuyo, pafupi ndi khoma la njerwa zamabowo. Mwezi wa Juni mphepo ya chiperoni inkalowera m'mabowomo n'kutipeza m'miyendo.

A Matope anali ndi themomita, kagalasi koyezera kutentha, yomwe anaipachika pambali pa bolodi, pamene kadzuwa ka m'mawa kankafika. Tsiku lililonse ankaiwerenga mokweza n'kulengeza kuti m'kalasi muli bwino. Ukadandaula, mlandu. Ankati sayansi sinama, onama ndi ana aulesi. Zinkandiwawa zedi, chifukwa iwo ankanena zimenezo ali mu juzi ndi nsapato, ine zala zitauma gwa, pensulo ikupulumuka. Ndikalemba zokhotakhota, malikisi ankachepa. Malikisi akachepa, ndikhalebe kukhoma komweko. Nanga ndikanachokako bwanji? Kunyumba mayi anali atanena kale kuti ndikalepheranso teremu imeneyo ndisiye sukulu, ndizikawathandiza kugulitsa tomato.

Tsiku lina pa buleki mtima unandikwera. Ndinakwera pa desiki, n'kuchotsa themomitayo, n'kuigoneka pa simenti pamalo panga. A Matope atabwera anapeza msomali wokha. Sindinadikire kuti anzanga andinenere, ndinaimirira ndekha, iwo n'kutola kamtengo kawo.

"Werengani kaye, aphunzitsi," ndinatero, "kenako mundikwapule."

Anawerama, nayang'ana nthawi yaitali. Anati ndaiwononga. Anakaipachikanso pa msomali, patapita kanthawi kamzere ka m'kati mwake kanakwera. Anaibweza pansi, kanatsika. Anachita zimenezi kawiri konse. Zikwapu ziwiri ndinalandirabe, akuti chifukwa chogwira katundu wa sukulu popanda chilolezo.

M'mawa mwake anatiuza kuti titseke mabowo a m'munsi ndi masaka akale, ndipo mizere izisinthana malo sabata iliyonse. Kupepesa ayi. M'malo mwake anatiphunzitsa kuti mpweya wozizira umakhala pansi, wofunda m'mwamba, akunyadira ngati azitulukira okha. Ine matako akuwawabe. Teremu imeneyo ndinakhoza, tomato mayi anapitiriza kugulitsa okha.

Lero ndine namwino, ndipo ndimadziwa kuti themomita ija sinkanama. Inkangonena za pamene anaipachika. Wodwala akandiuza kuti akuzizidwa, sindiyang'ana kukhoma, ndimapita pabedi pake kukamva ndekha. Koma chimodzi chimandipsetsabe mtima mpaka pano: ana onse aja tinkagwedeza mano pamaso pawo tsiku ndi tsiku, koma a Matope anadikira kuti awauze ndi kagalasi.