Mkamwini Amene Anakana Kusudzulidwa

Ndikukumbukira tsiku limene abale a mayi anga anasudzula bambo anga ondipeza, a Namakhwa. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo mayi anali atagona m'manda mwezi umodzi wokha. Bambo anga ondibereka sindiwadziwa, anapita ku Joni ine ndili m'mimba. A Namakhwa anachokera ku Phalombe n'kudzakwatira chikamwini kwathu ku Domasi ndili ndi zaka zitatu. Mwambo wathu mukuudziwa: mkazi akamwalira, akuchikazi amamuuza mwamuna kuti ukwati watha, ndi womasuka. Mawu ake amakhala aulemu, koma tanthauzo lake n'lakuti nyamukani.

Ndiyambe ndi maliro, chifukwa m'pamene ndinaonera zisudzo koyamba. Mayi aang'ono, a Felesiya, anagubuduka m'fumbi mpaka chitenje kumasuka, akukuwa kuti mwana wa mkulu wawo ndi wawo, sadzavutika iwo ali moyo. Amalume a Jailosi analankhula kumanda mpaka anthu kupukuta misozi. Amalume omwewatu, pa miyezi isanu ndi iwiri imene mayi anadwala, anabwera kawiri basi, ndipo kachiwiriko anadzabwereka khasu. Amayi a kutchalitchi kwathu anafika atavala zoyera mbee, anaimba mokoma, anadya, n'kumapita. Amene sanalire mokweza anali a Namakhwa okha, ndipo anthu ananong'onezana kuti obwera ndi ouma mtima. Chonsecho amene ankachapa zofunda za mayi kumtsinje m'mawa uliwonse, amayi a m'mudzi akuwaseka, anali ouma mtimawo.

Tsiku losudzula anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Katundu wawo anali atamangidwa kale: njinga, kathumba ka masipanala, ndi zovala pang'ono. Amalume anafotokoza mwaluso kuti nyumba yamalata ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Domasi n'za mbumba. Pakamwa ankatchula mayi anga, koma maso anali kudimba, kumene kabichi amene a Namakhwa anathirira ndi manja awo anali atayamba kumanga mitu.

A Namakhwa anamvetsera atawerama. Kenako anati, "Ndamva, alamu. Mwandisudzula kwa mkazi wanga, chabwino, mwambo ndi mwambo. Nanga kwa mwanayu andisudzula ndani?"

"Mwana wanu uti?" amalume anafunsa. "Munabereka ndani m'mudzi muno inu?"

Anthu onse anaseka. A Namakhwa anangopempha chinthu chimodzi, buku la nyimbo la mayi anga lothothoka chikuto. Amalume anawapatsa akusekabe, poti aliyense ankadziwa kuti munthuyo satha kuwerenga ngakhale dzina lake. A Namakhwa atanyamuka ndinawathamangira mpaka pamphambano, koma anandiuza kuti ndibwerere. Tsiku lomwelo ndinapita kuseri kwa bafa n'kumuuza Mulungu mosabisa mawu kuti wanditengera mayi, wanditengeranso bambo, choncho ine ndi Iye tasiyana. Ndinamusudzula nanenso.

A Felesiya ananditenga monga analonjezera. Chikondi chawo chinatha masiku anayi. Kenako "mwana wanga" anasanduka wotunga madzi, wotsuka mbale ndi wolera khanda lawo. Ndikatenga yunifolomu ankati sukulu siithawa, upita mawa. Mawalo linakwana masabata atatu. Ndinawamvanso akupangana ndi amalume zonditumiza ku Zomba kukagwira ntchito ya m'nyumba kwa munthu wina. Sukulu ndinkaikonda kwambiri, ndipo ndinadziwa kuti ndikakwera minibasi imeneyo, basi, zanga zada.

Tsiku lina anandituma kuchigayo cha kumsewu wopita ku Liwonde. Pakhonde la golosale ya Che Musa, Msilamu wina wofatsa, ndinaona munthu ataviika chubu m'beseni kufunafuna pobooka. Anali a Namakhwa. Ku Phalombe sanapiteko n'komwe. Che Musa anawapatsa kachipinda kosungiramo matumba, ndipo iwo anayamba kukonza njinga pomwepo. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo unkawaseka kuti ali ngati galu wokana kuchoka pabwinja. Ine ndekha ndi amene anandibisira. A Namakhwa atandifunsa za sukulu ndinangoyang'ana pansi, iwo n'kungoti chabwino.

M'mawa mwake, dzuwa lisanawale bwino, tinamva belu la njinga: ngiri-ngiri-ngiri. A Namakhwa anali ataima pamsewu wafumbi moyang'anizana ndi nyumba ya a Felesiya. Anapereka moni mwaulemu wonse n'kunena kuti adzatenga wasukulu. A Felesiya anawatukwana mpaka malovu kuuma. Iwo anapitiriza kuliza belu. Amalume anabwera akupuma mwa befu, kuwakumbutsa kuti anasudzulidwa. A Namakhwa anavomera, koma anati msewu ndi wa boma, m'mudzi sanapondemo. Analiza belu tsiku limenelo, analiza mawa lake, analiza mkuja, mpaka anthu opita kumunda ankaima n'kumafunsana kuti kodi mwana wamasiye uja anasiyiranji sukulu. Tsiku lachinayi a Felesiya anandiponyera yunifolomu kumaso. Musati anamva chisoni ayi. Anthu ngati amenewa saopa Mulungu, amaopa pakamwa pa anzawo.

Kuyambira pamenepo ndinkapita kusukulu pakaliyala, poweruka n'kudzera pakhonde la Che Musa. Pankanunkha guluu womatira machubu ndi mafuta akuda. A Namakhwa ankandipatsa chinangwa chophika, kenako n'kutulutsa buku lija. Ankati ndiwawerengere nyimbo za pamasamba amene mayi anapinda, poti iwo sukulu inawadutsa. Ndinkawerenga nditatupa masaya. Za Mulungu sindinkazifuna, ndiye ndinkadumpha mizere kuti ndithane nazo msanga.

Tsiku lina, maso ali pa sipoko imene ankamanga, anati, "Esinati, wadumpha ndime."

Ndinangoti kukamwa yasaa. Iwo anainena ndime yonseyo pamtima, osaphonya liwu. Nyimbo zonsezo ankazidziwa, anaziloweza pomva mayi akuziimba motsitsa pamphasa ya matenda. Masiku onsewo sikuti ankafuna wowawerengera, ankafuna kuti mawuwo adutse pakamwa panga. Ndinapsa mtima. Ndinawafunsa kuti akukakamiriranji Mulungu amene anangoonerera mayi akutha ngati sopo.

"Nanenso ndimamufunsa zomwezo m'mawa uliwonse," anatero. "Sanandiuzebe chifukwa chake. Koma amandidzutsabe, ndipo ndikaliza belu iwe umatuluka. Ine ndimati sanatitaye."

Ndinalira kulira kumene sindinalire pamaliro. Nawonso analira, masana dzuwa likuswa mtengo, mwini njinga imene ankakonzayo ataima pambali akusowa poyang'ana. Madzulo ake ndinabwerera kuseri kwa bafa kuja kukapepesa. Sindinganame kuti chisoni chinatha, koma ndinasiya kuchisenza ndekha.

Belu limenelo linalira mpaka ndinasankhidwa kupita kusekondale. Lero ndine mphunzitsi, ndipo a Felesiya akandiona amati "mwana wanga amene ndinamulera ndekha." Ndimawayang'ana, manyazi n'kundigwira ine m'malo mwawo.

Masiku ano maliro anasintha. Pali matenti, zimkuzamawu, malaya osindikizidwa nkhope ya womwalira, ndi anthu olira dzanja limodzi likujambula pafoni. Ana amasiye akuti ali ndi malamulo owateteza. Koma ogubuduka m'fumbi ndi omwe aja, ndipo amasowabe tsiku lachinayi.

A Namakhwa anamwalira chaka chatha m'nyumba mwanga. Abale awo a ku Phalombe anavomera pempho langa loti agone pafupi ndi mayi. Amene anakana ndi amalume a Jailosi, okalamba tsopano, dimba lija atagulitsa kalekale. Anagogoda ndodo pansi n'kunena kuti manda athu ndi a mbumba, munthu wosudzulidwa amakagona kwawo.

Ndinagwada monga mwana wa mlongo wawo amagwadira, n'kunena kuti, "Amalume, munawasudzula kwa mayi anga. Kwa ine munayesa, munalephera. Mbumba imene mukunenayo ndine, ndipo awa ndi bambo anga."

Nthawi imeneyi palibe anaseka. Adzukulu anakumba kumanja kwa mayi, ndipo malowo anawalozera ndi ndodo yawo amalume omwewo. Buku la nyimbo ndinaliika m'bokosi, poti ine ndinaziloweza kale. Belu ndinasunga.